Musataye Mtima wa Cimanga

Mau awa alembedwera inu abambo ndi amai a ku Wusakile, ndi anzanu onse okhala m'makomboni a Kitwe ndi Ndola. Nkhani yace ndi ya cakudya cimene mucidziwa koposa zonse, ndico cimanga. Munthu wa kwathu angadye mpunga, buledi kapena mbatata mpaka kukhuta, koma ngati sanakhudze nsima adzanena kuti wagona ndi njala. Ici sitifuna kucitsutsa. Cimanga ndi cakudya cabwino, ndipo ndico cinapatsa mphamvu manja amene anakumba mkuwa wa dziko lino. Koma tifuna kukufunsani funso limodzi: kodi m'thumba la ufa limene mugula pakutha pa mwezi muli cimanga conse, kapena gawo lace lokha? Pakuti mabanja ambiri alikulipira ndalama zoposa kuti agule ufa umene wacotsedwa zabwino zace, ndipo osauka nazo ndiwo ana.

M'MENE CIMANGA CINAFIKIRA KU MIGODI

Cimanga si mbeu ya makolo athu akalekale. Cinayamba kulimidwa ku Mexico zaka monga 9,000 zapitazo, ndipo cinafika m'Afrika pa zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Makolo athu anali kudalira mapira ndi mawere. Ngakhale m'zaka za m'ma 1930, Audrey Richards, amene anakhala pakati pa Abemba kuphunzira za kadyedwe kao, anapeza kuti ubwali wao unali wa mawere.

Cimene cinakuza cimanga kuno ndiyo migodi. Pamene mgodi wa Nkana unayamba kuturutsa mkuwa mu 1932, kampani ya Rhokana inali ndi amuna zikwi zambiri oti iwadyetse, ocokera ku Luapula, ku Kasama, ku Fort Jameson kumene lero timati Chipata, ndi ku Nyasaland. Cimanga cinali kubwera pa njanji kucokera ku minda ya Mazabuka, Monze ndi Choma, ndipo mu 1936 Boma linakhazikitsa Maize Control Board kuti iyang'anire malonda ace. Anchito a ku Wusakile anali kulandira phoso. Koma taonani ici: m'phoso lija simunali ufa wokha. Munali nyama, nyemba, mtedza ndi mcere, cifukwa madokotala a mgodi anadziwa kuti munthu wodya nsima yokha sakhalitsa pa nchito ya pansi. Phoso linatha kale, ndipo tsopano wosankha cakudya ca banja ndinu eni ace. Cifukwa cace kuyenera kuti mudziwe cimene ciri m'kati mwa njere ya cimanga.

ZIMENE ZIRI M'NJERE IMODZI

Tengani njere ya cimanga, muibviike m'madzi usiku wonse, ndipo m'mawa muidule pakati ndi mpeni. Mudzaona zigawo zitatu. Kunja kuli khungu, limene likacotsedwa timati gaga kapena madeya. Pakati pali ufa woyera, ndilo gawo lalikulu. Pansi, kumene njere inagwirana ndi citsononkho, kuli kamtima kofewa, kamene mmera uturukapo mukabzala.

Pa magawo 100 a cimanga couma, monga 70 ndi ufa wopatsa mphamvu, monga 9 ndi zomanga thupi, ndipo monga 4 ndi mafuta. Zotsala ndi madzi, zokakala za m'khungu ndi mcere wa mitundumitundu. Ufa wa pakatiwo uli ngati nkhuni pa moto: upatsa munthu mphamvu ya kugwira khasu, kusenza katundu, ndi kuyenda. M'menemo cimanga cipambana, ndipo nzocepa zakudya zimene zipatsa mphamvu yotere pa mtengo wotere.

Koma cuma ca njere ciri m'kamtima ndi m'khungu. Kamtima ndi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi a njere, koma mafuta pafupifupi onse ali m'menemo, pamodzi ndi vitamini E, vitamini B1 wothandiza mitsempha, ndi zomanga thupi zabwino koposa za m'njere yonse. Pansi pa khungu pali mavitamini ena a mtundu wa B, ndi ayironi wopanga magazi. Zokakala za m'gaga zithandiza kuti munthu asadzimbidwe, ndipo zicititsa kuti nsima ikhalitse m'mimba. Mlimi ali yense adziwa kuti khoswe akalowa m'nkhokwe ayamba wadya kamtima, nasiya zina zonse. Khoswe sanapite ku sukulu, koma adziwa pamene pali cakudya.

UFA WA MITUNDU ITATU

M'masitolo a Kitwe ndi Ndola mupeza ufa wa breakfast ndi ufa wa roller, ndipo ku cigayo ca m'komboni mupeza mgaiwa. Kusiyana kwace ndi uku. Popanga breakfast, makina acotsa khungu ndi kamtima, kotero kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a cimanga silifika m'thumba lanu. Popanga roller acotsa pang'ono. Mgaiwa ndiwo cimanga conse cogayidwa monga ciri. Tsono ufa wokwera mtengo ndiwo wocepa zakudya, ndipo wotsika mtengo ndiwo wolemera. Zimene acotsazo sazitaya ai. Azigulitsa kwa oweta nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe, ndipo ziweto zinenepa ndi zimene inu mwakana.

Ufa woyera wa kumudzi uli cimodzimodzi. Amai akonola cimanga mu mtondo, napeta gaga, nabviika mphale masiku angapo, natsuka, nayanika, nasinja. Nsima yace ndi yofewa ndi yokoma, koma zambiri zapita ndi gaga ndi madzi otsukira. Kumudzi bvuto ili linali kucepa, cifukwa ndiwo zinali pafupi: mnkhwani m'munda, mtedza m'nkhokwe, bowa ndi ziwala m'thengo. M'tauni ziri zonse zifuna ndalama, ndipo ndalama ikapita yonse ku thumba la breakfast, ndiwo ndizo zicepa.

Anthu a ku Copperbelt adziwa bwino kulemera kwa nkhani ya ufa. Mu December 1986 Boma linaleka kuthandizira mtengo wa breakfast, ndipo mtengo wace unakwera koposa kawiri. Roller anasowa m'masitolo. Ku Kitwe, ku Ndola ndi m'matauni ena munabuka cipolowe, ndipo anthu osacepera 15 anafa, mpaka Pulezidenti Kenneth Kaunda anabweza mtengo wakale. Ngati ufa uli cinthu coti anthu angafere, kodi si koyenera kuti tifunse ngati ufa umene tigula uli ndi cakudya cokwanira?

ZIMENE CIMANGA CISOWA

Ngakhale mgaiwa weniweni sukwana pa wokha. Mutu umodzi susenza denga. Pali zinthu zitatu zimene cimanga cisowa, ndipo ciri conse ciri ndi nthenda yace.

Coyamba, zomanga thupi za m'cimanga nzosakwanira. Ziri ngati njerwa zopanda matope: zilipo ndithu, koma khoma siliima. Muli tizigawo tiwiri tocepa, maina ace lysine ndi tryptophan, timene thupi silingapange lokha. Nyemba, khobwe, soya, nsomba, mazira ndi mkaka ziri nato. Cifukwa cace nsima ya nyemba si cakudya ca umphawi ai, koma cakudya ca nzeru, pakuti cina cikwaniritsa cinzace. Mu 1933 dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, wogwira nchito ku Gold Coast kumene lero ndi Ghana, analemba za ana oleka kuyamwa amene anali kudya phala la cimanga lokha. Anali kutupa miyendo ndi nkhope, tsitsi linali kufiira ndi kufewa, ndipo khungu linali kusupuka. Mu 1935 anaipatsa nthendayo dzina la m'cinenero ca Ga, kwashiorkor, ndiko kunena nthenda ya mwana amene walandidwa bere ndi mng'ono wace. Makolo athu anaidziwa nthenda yomweyo, naicha utumbidwa. Madokotala a lero apeza kuti zifukwa zace nzingapo, koma pa tsinde pace pali mwana wodya phala lamadzi lopanda kanthu.

Caciwiri, m'cimanga muli vitamini wina, dzina lace niacin, koma ali womangika, kotero kuti thupi silitha kumtenga bwino. Munthu akamsowa adwala pelagra. Khungu lida ndi kukakala pa khosi, pa manja ndi pa mapazi, pamene dzuwa liomba, monga ngati wapsa. Pambuyo pace atsegula m'mimba, ndipo nthenda ikakula mutu usokonezeka. Ku America nthenda iyi inapha anthu zikwi zambiri, ndipo ambiri anayesa kuti njopatsirana, mpaka Joseph Goldberger, kuyambira mu 1914, anaonetsa kuti icokera ku cakudya. Niacin anadziwika kuti ndiye mankhwala ace mu 1937. Eni cimanga a ku Mexico sanali kudwala motere, cifukwa iwo aphika cimanga cao m'madzi a laimu kapena a phulusa asanacipere, ndipo madziwo amasula vitamini uja. Mbeu inaoloka nyanja, koma nzeru iyi inatsala. Cimene citicinjiriza ife ndiwo mtedza, nyemba, nsomba ndi nyama. Umboni wace uli pafupi: mu 1990, pakati pa anthu a ku Mozambique othawa nkhondo amene anali ku Malawi, oposa 18,000 anadwala pelagra pamene mtedza unaleka kufika m'phoso lao. Ufa unalipo, koma mtedza wokha utasowa nthenda inalowa. Dziwaninso kuti munthu womwa kacasu kwambiri, amene adya nsima ndi mcere wokha, ali pafupi ndi nthenda iyi.

Cacitatu, cimanga coyera ciribe vitamini A. Mwana womsowa saona bwino madzulo, ndipo cikuku kapena kutsegula m'mimba zikamgwira zimgwetsa msanga. Kuyambira mu 1998 lamulo la Zambia linati shuga wogulitsa akhale wothiridwa vitamini ameneyu, koma shuga si cakudya coti mwana akulire. Mu 2012 a Zambia Agriculture Research Institute, pamodzi ndi a HarvestPlus ndi a CIMMYT, anaturutsa mbeu zitatu za cimanga ca olenji, cimene ciri ndi zopangira vitamini A m'njere mwace. Tidziwa kuti akulu ambiri akaona nsima yosayera akumbuka cimanga cacikasu cimene cinabwera pa cirala ca 1992, ndipo mtima wao ubwerera. Koma ca olenji ndi mbeu yina, yolimidwa m'dziko momwe muno, ndipo nsima yace iri ndi kutsekemera pang'ono kumene ana akonda.

Zonsezi si nkhani za m'mabuku cabe. Kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 ali onse a m'Zambia osafika zaka zisanu, 35 anali opinimbira, ndiko kuti ofupika koposa msinkhu wao. Ambiri a ana otere sagona ndi njala. Akhuta, koma akhuta nsima yoyera ndi msuzi.

ZIMENE ENA ADZANENA

Wina adzati, "Mgaiwa ndi cakudya ca kundende ndi ca ku sukulu yogonera komweko. Mlendo akaona nsima yakuda m'nyumba mwanga adzati ndasauka." Tiyankha kuti mlendo adya tsiku limodzi napita, koma mwana adya masiku onse. Ulemu wa nyumba uoneka pa masaya a ana, si pa kuyera kwa nsima. Ndiponso lero madokotala alangiza odwala nthenda ya shuga kuti adye roller kapena mgaiwa, ndipo anthu olemera omwe alikuufuna.

Wina adzati, "Mgaiwa sukhalitsa, ucita pfungo." Izi nzoona, ndipo cifukwa cace ndi mafuta omwe aja a m'kamtima. Mankhwala ace ndi kugaya pang'onopang'ono, wa masabata awiri kapena atatu, ndi kuuyanika ukacokera ku cigayo kuti uzizire musanautseke. Cimanga cosagaya cisungika bwino koposa ufa.

Wina adzati, "Ana anga sanazolowere." Yambani ndi kusakaniza, mbale imodzi ya mgaiwa pa mbale ziwiri za ufa woyera, ndipo muziwonjeza sabata ndi sabata. Kapena mupemphe wa cigayo akonole pang'ono pokha. Lirime liphunzira monga mwana aphunzira.

Pali cinthu cinanso cimene tiyenera kunena poyera. M'gaga muli kanthu kamene kagwira ayironi kuti asalowe yense m'thupi. Kusasitsa ufa, monga pa thobwa, maheu ndi munkoyo, kucepetsa kanthu aka. Zipatso monga mango, magwafa, malalanje ndi masuku, ndiponso matimati, zithandiza ayironi kulowa, koma tiyi womwera pa nsima amtsekereza. Tiyi adikire kufikira cakudya citatsika.

CENJERANI NDI CUKU

Amene adya cimanga conse ayenera kusamala koposa kuti cikhale cabwino, pakuti ululu wa cuku ukhala kwambiri m'khungu ndi m'kamtima. Ululu uwu, dzina lace aflatoxin, uononga ciwindi, ndipo suphedwa ndi moto wa pa mbaula. Mu August 2024 nduna ya za umoyo, a Elijah Muchima, inalengeza kuti agaru monga 400 anafa atadya zakudya za cimanga cokhala ndi ululu uwu, ndipo ufa wina unacotsedwa m'masitolo. Tsono kololani cimanga citauma, muciyanike pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi. Musanapite ku cigayo, tsanulirani cimanga m'licero, musankhe njere zonse zoola, zobiriwira, zakuda ndi zofumbwa, ndi kuzitaya. Musazipatse nkhuku, ndipo musafulire mowa. Mtedza usankhidwe comweco.

ZOTI MUCITE

1. Ngati mugula ufa, sankhani roller, kapena gulani cimanga pa nyengo yokolola, pamene mtengo uli pansi, ndi kumagayitsa pang'onopang'ono. Ndalama yotsala mugule nayo ndiwo. Ngakhale amene agula pamela pa kantemba tsiku ndi tsiku angafunse kuti ufawo ndi wa mtundu wanji.

2. Nsima isafike pa mphasa yopanda comanga thupi. Nyemba, khobwe, soya, kapenta wa ku Mpulungu kapena wa ku Siavonga, finkubala, dzira, ciri conse mwa izi cikwana. Kapenta wa m'dzanja limodzi wa pa msika wa Chisokone aposa botolo la zakumwa zotsekemera.

3. Ndiwo zamasamba zikhalepo masiku onse: mnkhwani, bonongwe, kholowa, cigwada, repu. Anzathu Acibemba amati cibwabwa, bondwe, kalembula ndi katapa. Muzitendere ndi nsinjiro, pakuti mafuta a mtedza athandiza vitamini A wa m'masamba kulowa m'thupi. Musaphike nthawi yaitali, ndipo soda acepe, cifukwa aononga mavitamini ena.

4. Mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo apitirize kuyamwa mpaka zaka ziwiri pamene alikudya zina. Phala lace likhale lolimba, losayenderera pa supuni, la mgaiwa wosefa, lothira nsinjiro, kapenta wosinja, dzira kapena mafuta pang'ono. Ku Malawi phala lodziwika la Likuni lipangidwa makamaka ndi cimanga ndi soya, ndipo inunso mungapange lotere pogayitsa magawo anai a cimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga. Mimba ya mwana njaing'ono, tsono adye kanai kapena kasanu pa tsiku, m'mbale yaceyace, kuti akulu asamthere ndiwo. Mupite naye ku sikelo mwezi ndi mwezi.

5. Pa nyengo ya dzinja idyani cimanga caciwisi, cooca kapena cophika. M'menemo mudya njere yonse, ndipo palibe cotayika.

6. Inu amene muli ndi kamunda kuseri kwa nyumba, ku dambo kapena kufupi ndi Kafue, musabzale cimanga cokha. Pakati pa mizere bzalani nyemba, khobwe ndi maungu, monga anacitira agogo anu ku Katete ndi ku Petauke. Gawo lina la munda mupatse mtedza kapena soya, ndipo caka camawa musinthanitse. Mbeu izi zisiya conde m'nthaka, kotero kuti cimanga cotsatira cipindula. Funsani alangizi a zaulimi za mbeu ya olenji, muyese mizere yocepa caka coyamba.

MAU OTSIRIZA

Abambo, nkhani iyi si ya amai okha. Ndinu amene munyamula thumba pa njinga, ndipo kawirikawiri ndinu amene mukana nsima yosayera. Ndinunso amene mulandira nthuli yaikuru, pamene mwana wa zaka ziwiri apatsidwa msuzi. Thupi lanu linatha kukula, koma lace lirikumangidwa tsopano, mafupa ndi ubongo womwe. Zimene mwana asowa kuyambira ali m'mimba mpaka atakwana zaka ziwiri nzobvuta kuzibweza pambuyo pace, ngakhale mudzapeze cuma cotani. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Sitikuuzani kuti musiye nsima, kapena kuti mugule zakudya zacilendo za m'zitini. Zonse zimene tachula ziri m'misika yanu ndi m'minda yanu, ndipo zambiri nzotsika mtengo koposa zimene mugula tsopano. Mwezi uno ukatha, mukaima patsogolo pa matumba a ufa ndi ndalama m'dzanja, kumbukirani kamtima kaja kamene khoswe ayamba kudya, ndipo mugule ufa umene kalimo.